Mudasintha chikwangwani, nanga aphunzitsi ali kuti?

Nduna zamaphunziro zimabwera n'kupita, koma nyimbo yawo ndi imodzi: tamanga midadada yakuti, tatsegula sekondale zakuti. Riboni imadulidwa, amayi n'kuvina, wailesi n'kuulutsa. Funso langa ine n'lakuti: kodi amene akaime kutsogolo kwa ana a Fomu 1 m'kalasi latsopanolo adaiphunzira ntchito yophunzitsa ku sekondale? Njerwa siziphunzitsa masamu, abale anga.

Tiyeni tikumbutsane kumene vutoli lidachokera. Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi lidalengeza pulayimale yaulere. Ana adakhamukira kusukulu ngati ngumbi mvula itagwa, ndipo chiwerengero chawo chidalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Boma lidalemba anthu zikwizikwi osaphunzitsidwa, kuwaonetsa ntchito masabata owerengeka, n'kuwapatsa choko. Aliyense wodziwa kuwerengera zala akadaona kuti anawa sadzakhala mu Sitandade 1 mpaka muyaya. Tsiku lina adzagogoda pakhomo la sekondale.

Yankho la boma lidabwera mu 1998. Malo aja tinkawatcha ma MCDE, kumene ana osasankhidwa ankaphunzira moyang'aniridwa ndi aphunzitsi a pulayimale, adawasandutsa ma CDSS, sekondale zoyendera za m'madera. Chikwangwani chidapentedwa mwatsopano. Koma m'kalasi mudatsala mphunzitsi yemwe uja wa satifiketi ya T2, amene ku koleji adamusula kuti aziphunzitsa ana a pulayimale, lero akuuzidwa kuti afotokoze za ma atomu. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Pasapezeke wina wonena kuti ndikunyoza aphunzitsi amenewa. Ayi ndithu. Sukuluzi zidaima pamsana pawo. Ambiri ankachezera usiku ndi koloboyi kuwerenga mutu umene mawa akaphunzitse. Koma ukampatsa munthu khasu n'kumutuma kukagwetsa mbawa, mtengo ukapanda kugwa mlandu ngwa yani? Ngwa amene adatumayo.

Tsono taonani mmene kuchepa kwa aphunzitsi odziwa ntchito kumagwera pamutu pa mwana wa Fomu 1 ndi 2. Tiyerekeze ahedi ali ndi aphunzitsi khumi, koma a dipuloma kapena digiri ya zauphunzitsi ndi atatu okha. Awaika kuti? Ku Fomu 3 ndi 4, chifukwa mbiri ya sukulu imamveka pa zotsatira za MSCE. A Fomu 1 amalandira makombo. Pamene ku Fomu 1 n'kumene mwana amamva koyamba za Chemistry ndi Physics. Akasokera pamenepo, ngakhale mutamubweretsera pulofesa mu Fomu 4, mwachedwa. M'mera mpoyamba. Ndipo pamene boma lidachotsa mayeso a JCE atalembedwa komaliza mu 2016, mpaka kudzawabwezeretsa mu 2021, tidakhala zaka zingapo opanda ngakhale sikelo ya dziko lonse yoyezera zimene zikuchitika m'makalasi awiriwa.

Chinanso chimene chimandiwawa ndi kasankhidwe. Ana akalemba mayeso a Sitandade 8, okhoza kwambiri amapita ku sukulu zogonera zotchuka monga Dedza, Blantyre Secondary ndi Lilongwe Girls, kumene kuli labotale ndi aphunzitsi a madigiri. Otsatira amapita ku sukulu za m'maboma. Otsalawo, amene ndiwo ochuluka, ndi a ku CDSS. Mwana amene akufunika thandizo lalikulu ndi amene timampatsa mphunzitsi wosakonzekera, kenaka onse tiwalembetsa mayeso amodzi a MANEB. Ndi chipatala chanji chimene dokotala amathamangira wodwala chimfine, wakayakaya n'kumusiyira wokolopa?

Akuluakulu akafuna kutitseka pakamwa amatulutsa chiwerengero cha dziko lonse: mphunzitsi mmodzi pa ana akutiakuti. Chiwerengero chotere chimabisa zinthu zitatu. Chimawerenga aliyense wogwira choko, wophunzitsidwa ndi wosaphunzitsidwa yemwe. Chimasakaniza sukulu ya pakati pa mzinda wa Blantyre ndi ya kuseri kwa mapiri ku Chitipa kapena kuchigwa ku Nsanje. Ndipo sichifunsa phunziro: katswiri wa digiri ya History mukamukankhira ku Physics, pa phunziro limenelo nayenso ndi mlendo.

Ena anena kuti boma silidangokhala manja lende. Zoona. Koleji ya Domasi idayamba kusula aphunzitsi a sekondale mu 1993, ndipo mu 2000 idayamba kuphunzitsa a m'ma CDSS ali pantchito pomwepo ndi thandizo la dziko la Canada. Yunivesite ya Mzuzu idatsegulidwa mu 1999, koleji ya Nalikule mu 2017 ndi thandizo la Japan. Koma n'chifukwa chiyani achinyamata otuluka m'makolejiwa amakhala pakhomo kudikira kulembedwa ntchito, mpaka ena kuthawira ku sukulu zapulaiveti ndi ku mabungwe, pamene kumudzi kalasi lili kukamwa yasa? Ndalama palibe, amatero. Mu 1981 a Kamuzu Banda adafuna aphunzitsi a Chilatini ndi Chigiriki ku Mtunthama, ndipo adawapeza, kuchokera ku Mangalande komwe. Mtsogoleri akafunitsitsa mphunzitsi, amampeza. Nkhani imangokhala yakuti akufunira mwana wa yani.

Pa kampeni ya 2025 tidamva za sekondale yaulere. Zabwino, sindikukana. Koma amene adaona za 1994 ayenera kuchita nthumanzi. Kutsegula chipata osakonza wophunzitsa n'kuitana alendo ku ukwati mphika uli gwa.

Zimene ndikupempha si zozizwitsa. Unduna uzitulutsa chaka ndi chaka, sukulu ndi sukulu, chiwerengero cha aphunzitsi osulidwa pa phunziro lililonse. Fomu 1 iliyonse ikhale ndi mphunzitsi wodziwa ntchito wa masamu ndi sayansi. Amene adatumikira ma CDSS ndi satifiketi ya pulayimale apatsidwe mwayi wa dipuloma. Ndipo pomanga mdadada, mangani ndi nyumba ya mphunzitsi yomwe, kuti wa digiri asathawe.

Inu ogula nyuzipepala ino, mwina anu ali ku sukulu zapulaiveti ndipo mukuti sizikukukhudzani. Nanga mwana wa achemwali anu kumudzi, amene chaka chilichonse mumamugulira yunifolomu ndi makope? Akabwera patchuthi musangomufunsa kuti wakhala nambala chani. Mufunseni kuti amamuphunzitsa masamu ndani, ndipo adaphunzira kuti. Yankho lakelo mukalitule kwa phungu wanu.