ZA NYIMBO: Oimba Amene Anathawa Kwao

Malamulo a tsankho ku South Africa anali kuletsa mzungu ndi munthu wakuda kuimbira pamodzi poyera. Cifukwa cake gulu la jazi la Blue Notes linacoka m'dzikomo mu 1964. Chris McGregor, mwana wa mphunzitsi wa pamishoni ku Transkei, anali kuliza piyano. Dudu Pukwana wa ku Port Elizabeth ndi Mongezi Feza wa ku Queenstown, malipenga. Louis Moholo wa ku Cape Town, ng'oma.

Ku London anagwirizana ndi Angerezi napanga Brotherhood of Breath, gulu lopeka nyimbo pomwepo poimba, yense akumvera mnzake.

Atatu oyambawo anamwalira kucilendo. Mwa anaiwa, Moholo yekha ndiye anabwerera kwao mu 2005, ulamuliro wa tsankho utatha. Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka.