Kusachita dzimbiri si kusathyoka

Ogulitsa zitsulo ali ndi mawu amene amatsekera nawo pakamwa wogula aliyense: "Ichi ndi stainless, bwana." Ine mawuwo sandikwanira. Amangondiuza za dzimbiri, osati za mmene chitsulocho chidzathyokere.

Nambala ya mphamvu yolembedwa pa chikalata cha chitsulo imachokera mu labotale, momwe makina amakoka kandodo kosalala pang'onopang'ono mpaka kuduka. Pamenepo mtundu wa 304, wokhala ndi chromium 18 peresenti ndi nickel 8 peresenti, umaonetsadi chamuna: umatha kutamuka kupitirira 40 peresenti usanaduke. Koma ndani amamangira kandodo kosalala? Pa ntchito pamakhala mazinga a bauti, mabowo ndi m'mphepete mwa powotcherera. Pamalo otere chitsulo chimakokedwa mbali zitatu nthawi imodzi, chimasowa potamukira, timabowo tosaoneka ndi maso timatseguka mkati n'kulumikizana, basi chaduka msanga.

Liwiro nalo lili ndi mbali yake. Chikamenyedwa mwadzidzidzi, chitsulo chimayamba chalimba kuposa pochikoka pang'onopang'ono, koma kutentha kobadwa mkatimo kumasowa nthawi yotuluka. Malo amodzi amafewa, kutamuka konse n'kuunjikana pomwepo. Nchifukwa chake mainjiniya amayesanso chitsulo chotemedwa kamphako pochimenya ndi nyundo yolendewera, njira yomwe Georges Charpy wa ku France adaifalitsa mu 1901.

Chomwe chimandiopsa kwambiri ndi katundu wongolendewera phee. Mu 1985 ku Uster, m'dziko la Switzerland, siling'i ya konkire ya dziwe losambiramo idagwa n'kupha anthu 12. Idamangiriridwa ndi ndodo za stainless. Palibe adazimenya. Zidakhala zokokedwa usana ndi usiku kwa zaka zambiri mu mpweya wofunda wa klorini, ming'alu n'kumadya mkati mwakachetechete. Mu 2001 siling'i inanso idagwa chimodzimodzi ku Steenwijk, Netherlands.

Choncho inu amene mukumangitsa thanki, masitepe kapena chotchingira pakhonde la nyumba yosanja, musalekere pa dzina. Funsani mmisiri wanu kuti chitsulocho ndi mtundu wanji, chidzakokedwa kapena kupanikizidwa, chidzagundidwa ndi chiyani, nanga mchere kapena klorini adzachifika. Akakanika kuyankha, kapezeni injiniya musanalipire.