Magetsi akathima m'tauni, yambani mwaganizira za madzi

Magetsi akathima mu Blantyre kapena mu Lilongwe, kudandaula kumene timamva koyamba n'kwa foni yopanda moto, chigayo chotseka, ndi ndiwo zowonongeka m'firiji. Zonsezi n'zopweteka ndithu. Koma ine monga namwino ndimati chimene chimagoneka ana m'chipatala magetsi akathima nthawi yaitali ndi madzi. Banja lililonse lizidziwiratu kuti mpopi ukauma, lidzamwa madzi ati ndipo lidzawateteza bwanji.

Mwina mukufunsa kuti magetsi akukhudzana bwanji ndi mpopi. Madzi ambiri amene anthu a mu Blantyre amamwa amachokera mu mtsinje wa Shire, pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera mumzinda. Blantyre ili pamtunda, ndiye madziwo amachita kukankhidwa ndi mapampu a magetsi kuti akwere. Magetsi akathima nthawi yaitali, mapampu amaima, matanki amaphwa, ndipo ku Ndirande, Bangwe ndi Chilobwe mipopi ndi makiyosiki zimauma. Zikatero amayi amanyamula zigubu kupita ku zitsime zosatetezedwa kapena ku mitsinje ngati Nasolo ndi Mudi, momwe mumalowa zinyalala ndi zochokera m'zimbudzi. Zimbudzi zogejemula zimasiya kugwira ntchito. Kusamba m'manja kumachepa chifukwa aliyense akusunga timadzi tophikira.

Tinaziona izi posachedwapa. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira ku Chikwawa, omwe amapanga ma megawati pafupifupi 130, ndipo dziko linakhala pa kuthimathima kwa magetsi kwa nthawi yoposa chaka. Chaka chomwecho, mu Marichi, kolera inayamba ku Machinga, n'kufalikira m'maboma onse, ndipo inapha anthu oposa 1,700. Mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwu. Magetsi sindiwo anayambitsa kolera. Koma kolera imayenda m'madzi ndi m'chakudya chokhudzana ndi chimbudzi cha munthu, choncho tsiku lililonse limene mpopi wauma limaipatsa mpata.

Ndikudziwa yankho la amayi ambiri: "Anesi, magetsi akathima makala amakwera mtengo, tiwiritsa ndi chiyani madzi a banja lonse?" Funsoli n'loona. N'chifukwa chake ndimati m'nyumba musamasowe klorini. Botolo la WaterGuard n'lotchipa poyerekeza ndi makala owiritsira madzi tsiku ndi tsiku. Thirani muyezo umene walembedwa pa botolo, vundikirani, dikirani mphindi 30 musanamwe. Madzi akakhala amatope, yambani mwawasiya adikhe, muwasefe ndi nsalu yoyera, kenako muthire mankhwalawo. Alangizi a zaumoyo a m'dera lanu amagawanso klorini nthawi ya mliri, ndipo adzakuuzani kathiridwe kake. Ngati klorini palibe, wiritsani ngakhale akumwa okha a ana, abwate ndithu kwa mphindi imodzi. Madzi ooneka oyera mbee akhoza kukhala ndi tizilombo, ndipo maso sangakuuzeni.

Inu a kumudzi mungati nkhaniyi ndi ya anthu a m'tauni, poti kwanu magetsi sanafike. Koma ana anu ali kumeneko, pasukulu kapena paganyu, ndipo amabwera kumudzi ku maliro, ku ukwati ndi pa tchuthi. Matenda amayenda ndi anthu. Komanso pa nkhani iyi muli ndi zambiri zophunzitsa abale anu a m'tauni. Mumadziwa kusunga madzi mu mtsuko wovundikira. Mumadziwa kuti kapu yotungira ikhale yosiyana ndi yomwera, kuti zala zisamalowe m'madzi akumwa. Mumadziwa kumanga mpondagiya pafupi ndi chimbudzi, yomwe imasambitsa m'manja banja lonse ndi kachigubu kamodzi. Mwana wanu akaimba foni kudandaula kuti magetsi athima tsiku lachitatu, mumufunse kuti akutunga kuti madzi, ndipo akuthira chiyani.

Za chakudya, firiji yosatsegulatsegula imasunga kuzizira kwa maola pafupifupi 4 okha magetsi akathima. Nthawi imeneyi ikapitirira, nyama, nsomba zaziwisi ndi mkaka zimayamba kuwonongeka ngakhale fungo lisanamveke. Nyama yosungunuka koma ikadali yozizira iphikeni nthawi yomweyo, ipse bwino. Phikani zokwanira kudya pa nthawiyo, ndipo mkute muziutenthetsa mpaka utulutse nthunzi. Phala la mwana lisagone. Inu oyamwitsa, pitirizani kuyamwitsa, chifukwa bere silifuna firiji, makala kapena madzi otsukira botolo.

Mwana akayamba kutsegula m'mimba, musadikire kuti kuche. Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, muzimumwetsa pang'onopang'ono, ndipo mukatenge zinki kuchipatala kuti amwe masiku 10 mpaka 14. Ngati ORS palibe, mu lita imodzi ya madzi thirani masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Chimbudzi chikakhala chamadzi ngati otsukira mpunga, maso akalowa m'kati, mwana akamasanza chilichonse kapena akalefuka n'kukana kuyamwa, nyamukani usiku womwewo, mukumumwetsa panjira. Kolera imatha kupha munthu m'maola ochepa, koma imachiritsika munthu akafika msanga.

Chinanso chimene sindingachisiye ndi moto. Mbaula isalowe m'chipinda chotseka, ngakhale kuzizire bwanji mu Juni. Makala oyaka amatulutsa mpweya wa poizoni wopanda fungo, ndipo banja lonse likhoza kugona osadzukanso. Wina akayamba mutu, chizungulire kapena mseru pafupi ndi mbaula, mutulutseni panja, tsegulani zitseko, thamangirani naye kuchipatala. Kandulo ikhale kutali ndi neti ndi makatani, ndipo muizimitse musanagone. Tochi kapena nyale ya sola ndiyo yabwino m'chipinda cha ana.

Kukonza magetsi ndi mapampu ndi ntchito ya boma ndi mabungwe ake, ndipo tili ndi ufulu wofunsa kuti malo opopera madzi ndi zipatala zisamathimitsidwe. Koma za m'nyumba mwathu tisadikire wina. Lero, mpopi ukadatuluka madzi, tsukani zigubu ziwiri, mudzaze, muvundikire. Gulani klorini ndi mapaketi awiri a ORS, muike pamalo amene aliyense wa m'nyumbamo akuwadziwa. Uthengawu atumizireni abale anu a m'tauni, makamaka amene ali ndi ana osakwana zaka 5.