Musanalipire fizi ya digiri ya malamulo, funsani kumene idzakufikitseni

Ambiri a inu amene mumagwira ntchito m'nyumba za anthu ndi m'mafamu a ku South Africa mumalakalaka kudzakhala maloya, kapena mukulipirira mwana amene ali ndi khumbo limeneli. Khumbolo n'labwino, ndipo njira ilipo. Yunivesite ya Unisa imaphunzitsa digiri ya LLB munthu akugwira ntchito masana n'kumawerenga usiku. Nelson Mandela anailandira kumeneko mu 1989 adakali m'ndende. Wophunzira tsiku lonse amaimaliza m'zaka 4, wapantchito imamutengera zaka zoposerapo, koma mphamvu ya pepalalo ndi imodzimodzi.

Komatu digiri payokha siisandutsa munthu loya. Womaliza maphunziro amagwira ntchito pansi pa loya wina, kawirikawiri kwa zaka 2, n'kulemba mayeso a Legal Practice Council, kenako Khoti Lalikulu limamuvomereza. Ntchito yophunzirayi ndi ya tsiku lonse ndipo malipiro ake nthawi zambiri ndi ochepa, choncho amene mukudyetsa banja kumudzi muyambe mwawerengera.

Chopinga chachikulu kwa ife obwera chili m'gawo 24 la lamulo la Legal Practice Act la 2014. Gawoli limati wovomerezedwa kukhala loya akhale nzika kapena wokhala ndi chilolezo chokhazikika m'dzikomo. Relebohile Rafoneke wa ku Lesotho, amene anaphunzira malamulo ku South Africa komweko, anatsutsa gawoli pamodzi ndi anzake, ena a ku Zimbabwe. Pa 2 Ogasiti 2022 Khoti Loona za Malamulo Oyendetsera Dziko linagamula kuti gawolo silikuphwanya malamulowo. Motero wokhala ndi pemiti ya ntchito kapena ya ZEP, ngakhale atakhoza bwanji, khomo limeneli n'lotseka kwa iye.

Kodi ndiye kuti kuwerenga konseko n'kwachabe? Ayi. Milandu yambiri ya antchito imathera ku CCMA, kumene loya saloledwa mwachisawawa pa mlandu wa munthu wochotsedwa ntchito pomuganizira kuti walakwa, pamene mkulu wa bungwe la antchito lolembetsedwa amaloledwa kumuimira membala wake. Mabungwe ngati SADSAWU ndi maofesi opereka uphungu wa malamulo m'makomboni ndi m'matauni a kumafamu amafunika anthu odziwa malamulo amenenso amalankhula Chichewa, Chishona kapena Chisutu. Munthu wotere ndi amene angauze mayi wochotsedwa ntchito kuti ali ndi masiku 30 okha okadandaula ku CCMA, ndiponso kuti chigamulo cha mlandu wa Mahlangu mu 2020 chinapatsa antchito a m'nyumba ufulu wolandira chipepeso akavulala pantchito. Dziwani kuti ntchito zimenezinso zimafuna pemiti yovomerezeka.

Njira ina ndi yobwerera kwathu, koma nakonso kuli mayeso ake. Ku Malawi mumadzera ku Malawi Institute of Legal Education, ku Zambia ku ZIALE, ku Zimbabwe ku Council for Legal Education. Alembereni kalata musanayambe chaka choyamba, osati mutamaliza.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ndalama ya fizi ndi thukuta la kuchapa, kukolopa ndi kuthyola mphesa padzuwa. Isanachoke m'manja mwanu, pezani mayankho a mafunso atatu. Kodi sukuluyo ndi yolembetsedwa ku Department of Higher Education and Training, ndipo ikuvomereza satifiketi yanu ya kumudzi? Kodi mapepala anu okhalira m'dziko akukulolani ntchito iti? Nanga mukufuna kudzagwira ntchitoyo m'dziko liti?

Mukayankha mafunsowa mwachilungamo n'kuona kuti njira ikupita, lembetsani ndipo musabwerere m'mbuyo. Anzanu a m'mafamu ndi m'makhitchini akusowa munthu wawo wodziwa malamulo, amene angamufotokozere vuto lawo popanda womasulira.