Funso loti kwanu n'kuti likafunsidwe ku Hopley

Sukulu za ana a akazembe ndi a mabwana a mabungwe akunja zatola chinthu chabwino, ndipo ndiyambe n'kuziyamikira ndisanayambe kudandaula. Ana a kalasi ya zisudzo amatenga foni, n'kupita kwa anzawo, aphunzitsi ndi makolo ndi funso limodzi: kwanu n'kuti? Akabwerako salemba sewero la m'mutu mwawo ayi. Amamvetsera zomwe ajambulazo, kulemba liwu ndi liwu monga linatulukira m'kamwa, kenaka n'kuimirira pamaso pa anthu kulankhula mawu omwewo, chibwibwi chomwe, kuseka komwe, ngakhale pamene wofunsidwa uja anameza malovu n'kukhala chete. Eni ake amalitcha verbatim theatre. Ife tingoti sewero la mawu enieni.

Njirayi sinayambire m'kalasi. Anna Deavere Smith anaigwiritsa ntchito mu 1992 mu Fires in the Mirror, atacheza ndi anthu akuda ndi Ayuda a ku Crown Heights ku New York pambuyo pa zipolowe za 1991. Moisés Kaufman ndi gulu lake anapita ku Laramie mnyamata Matthew Shepard ataphedwa mu 1998, nacheza ndi anthu a m'tauniyo maulendo oposa 200, ndipo mu 2000 munatuluka The Laramie Project. Taonani komwe njirayi inagwiritsidwa ntchito: pomwe pagwa zoopsa, pomwe anthu wamba ali ndi zonena koma palibe wozilemba.

Mwana wa pa sukulu ya mayiko ambiri, wobadwira ku Nairobi, woyambira sukulu ku Geneva, lero ali ku Harare, akamati sadziwa kwawo, sindimuseka. Kutsanzikana ndi anzako zaka zitatu zilizonse kumawawa. Koma mwana ameneyu ali ndi pasipoti, mwina ziwiri. Sukulu ikatsekera amakwera ndege kukaona agogo. Kusowa kwawo kwa iye ndi nkhani ya mumtima, yoti akaikamba pa siteji makolo amapukuta misozi n'kuomba m'manja, n'kupita kukadya chakudya chamadzulo.

Mumzinda womwewo muli ana ena omwe funso lomwelo limawalepheretsa kulemba mayeso.

Harare International School, yomwe inatsegulidwa mu 1992, ili ku Mount Pleasant, kumpoto kwa mzinda. Mukachoka kumeneko n'kutsika ndi msewu wa Simon Mazorodze kulowera kumwera, kufika pa Mbudzi, pafupi ndi okushoni ya fodya ya Boka ndi manda aakulu a Granville, mwafika ku Hopley. Malowa sanayambe chifukwa anthu anawakonda. Mu Meyi 2005, nyengo yozizira itayamba, boma la Robert Mugabe linayamba Operation Murambatsvina, makatapila ndi apolisi n'kugwetsa nyumba ndi misika m'matauni onse. Anna Tibaijuka, yemwe bungwe la United Nations linamutuma kukaona, analemba mu Julayi chaka chomwecho kuti anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba, kapena popezera ndalama, kapena zonse ziwiri. Ena mwa iwo anakatayidwa pa famu ya Hopley, pamtetete.

Ambiri mwa oyamba kufika anachokera ku Porta Farm, ndipo nkhani ya Porta Farm payokha ndi sewero lathunthu. Anthu amenewa anachotsedwa m'mzinda mu 1991 kuti Mfumukazi Elizabeth II, pobwera ku msonkhano wa mayiko a Commonwealth, asaone zisakasa. Anauzidwa kuti n'kwa kanthawi chabe. Anakhalako zaka 14, anamanga, anabereka, anaika maliro, mpaka mu Juni 2005 pamene anawagwetseranso, ngakhale khoti linali litaletsa. Mayi amene anasamutsidwa mu 1991 ali ndi mwana kumsana anasamutsidwanso mu 2005 mwana yemweyo ali mnyamata wonyamula malata. Ku Hopley anakapeza kulibe madzi a m'mipope, kulibe chipatala chochilirako. Mu 2010 a Amnesty International anawerenga makanda 21 omwe anamwalira kumeneko m'miyezi isanu yokha.

Nanga ife a Chichewa zikutikhudza pati? Pa nthawi ya Murambatsvina apolisi ankauza anthu kuti aliyense abwerere kumudzi kwawo. Mshona wa ku Murehwa kapena ku Gutu anali ndi kolowera, ngakhale kunali njala. Mdzukulu wa munthu wa ku Dedza, ku Mangochi, ku Petauke kapena ku Angonia analibe. Agogo ake anabwera kalekale pa Mthandizi kapena pa malole a Ulere, ena wapansi kudzera ku Tete, kudzalima fodya m'mafamu a azungu, kukumba migodi ndi kusesa misewu ya Salisbury. Anakwatira konko, anafera konko. Mafamu atalandidwa kuyambira 2000, ana awo anataya ntchito ndi nyumba tsiku limodzi, popeza nyumba ya pakomponi inali ya bwana. M'zaka zomwezo Mugabe ananyoza anthu a ku Mbare kuti ndi opanda mfunda, ndipo aliyense anamva amene ankanenedwa. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa: aliyense amene kholo lake linachokera kunja anayenera kukana unzika wa dziko lomwe sanalipondepo, apo ayi wataya wa Zimbabwe. Ambiri sanamve n'komwe kuti kuli lamulo lotere. Chitupa chawo chinali ndi liwu loti ALIEN, ndipo pa mzere wovota ankabwezedwa.

Malamulo aakulu a dziko a 2013 anakonza zimenezi papepala: wobadwira mu Zimbabwe kwa kholo lochokera m'dziko la SADC ndi nzika. Koma pepala limafuna pepala linzake. Mwana kuti apeze setifiketi ya kubadwa, mayi ake akhale ndi chitupa. Mayi kuti apeze chitupa, akaonetse za makolo ake, omwe anamwalira pa famu yomwe lero ili ndi mwini wina. Mu 2021 a Amnesty anatulutsanso lipoti lonena za anthu opanda dziko mu Zimbabwe, potchula chiwerengero cha UNHCR cha anthu pafupifupi 300,000 omwe ali pa ngozi imeneyi, ndipo adzukulu a anthu a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia ali pakati penipeni pa nkhaniyo. Mwana wopanda setifiketi amavutika kulembetsa mayeso a Giredi 7. Kwa iye, kwanu n'kuti ndi funso la kalaliki wa pawindo, ndipo akayankha molakwa amauzidwa kuti abwere mawa ndi mboni.

Tsono chimene chikundiwawa n'chakuti ana a anthu olemera akamachita zisudzo amafunsidwa kuti akumva bwanji, pamene ana a amphawi amauzidwa zoti anene. Pitani ku Hopley, ku Epworth, kapena kwathu kuno ku Mtandire ndi ku Ndirande tsiku lomwe kwabwera bungwe ndi galimoto yoyera. Ana avala malaya a bungwe, ng'oma yalira, sewero layamba: sambani m'manja, kolera ndi yoopsa, musakwatiwe muli ana, kayezetseni. Uthenga unalembedwa kale ku ofesi, ana angobwereketsa pakamwa. Sindikuti uthengawo ndi woipa. Harare inaona kolera mu 2008 ndi mu 2018, ndipo kusamba m'manja kumapulumutsa. Koma kuuza mwana wa ku Hopley kuti asambe m'manja osamufunsa kuti madzi watunga kuti, wagula ndalama zingati, waima pa mzere wa pa mjigo maola angati, n'kumuyesa chidole. Zisudzo za chitukuko sizinayambe chonchi. A Chris Kamlongera ndi David Kerr, m'masiku a Travelling Theatre ya Chancellor College, ankakakhala kumidzi kumvetsera kaye. Ngugi wa Mirii, atathawa ku Kenya boma litagwetsa bwalo la Kamiriithu mu 1982, anabweretsa mzimu womwewo ku Zimbabwe. Ndalama za mabungwe zitachuluka, kumvetsera kunachepa.

Sewero la mawu enieni silifuna holo, magetsi a mitundumitundu kapena zovala. Lifuna foni yotha kujambula mawu, kope, ndi munthu wamkulu mmodzi wodziwa kutsogolera. Taganizani mtsikana wa zaka 14 atakhala pa chigubu pafupi ndi agogo ake, foni ili pa mphasa. “Agogo, munabadwira kuti?” Agogo ayamba m'Chishona, chifukwa ndicho cha pa msika, koma akafika pa dzina la amayi awo Chichewa chituluka chokha, Chichewa cha 1950 chomwe ku Lilongwe sitichimvanso. Atchula famu, atchula kapitawo, atchula mtsinje wa kwawo kwa abambo awo womwe iwo sanauonepo. Afika pa 2005 n'kungoti, “Tinagona panja.” Kenaka chete. Wolemba sewero waluso akanadzazapo mawu okoma pamenepo. Mtsikana uja saloledwa kuwonjezera kanthu: adzaimirira pabwalo la sukulu n'kukhala chete kwa nthawi yomweyo imene agogo ake anakhala chete, anthu a m'dera lonse akumuyang'ana. Kodi alipo wolemba amene angapose pamenepo?

Ndikudziwa zomwe ena anene msanga: ndiye ana a ku Mount Pleasant akwere basi apite ku Hopley akajambule. Ayi, pepani. Hopley yatopa ndi alendo onyamula mafomu. Ofufuza a m'mayunivesite, atolankhani, mabungwe, onse anatenga nkhani n'kupita, ena n'kulandira nazo madigiri, mwini nkhani akadali pa mzere wa madzi. Mwana wa kazembe kukasewera umphawi wa gogo wa ku Hopley pamaso pa makolo olipira tikiti ndi madola, n'kulemba pa fomu yofunsira malo ku yunivesite ya ku London kuti anathandiza osauka, kumeneko ndi kukolola m'munda wa eni. Ngati sukulu zolemera zili ndi mtima wothandiza, zibwereketse mphunzitsi wa zisudzo Loweruka, zipereke zojambulira, zitsegule holo yawo kuti ana a ku Hopley adzasewere nkhani zawo okha, ana a sukuluyo atakhala pansi kumvetsera. Akafunanso kufunsa mafunso, asapite kutali: mlonda wa pageti ndi mayi wosesa m'kalasi mwawo amakwera makombi m'mamawa kuchokera kumadera ngati amenewa. Anafunsidwapo kuti kwawo n'kuti? Ndipo akafunsidwa, ali ndi ufulu wokana osaopa ntchito?

Pali chotsutsa china chomwe ndimachilemekeza. Mawu enieni ali ndi mwini wake, ndipo mwiniyo amagona m'nyumba yopanda chikalata cha umwini, m'dera lomwe ndale zimalowa mpaka pa kagawidwe ka malo. Ku Zimbabwe sewero si chinthu chosewera nacho. Super Patriots and Morons la Rooftop Promotions linaletsedwa mu 2004. Cont Mhlanga wa Amakhosi anaona The Good President likuimitsidwa ndi apolisi ku Bulawayo mu 2007. Gogo amene wanena pa foni ya mdzukulu wake kuti ndani anamugwetsera nyumba ayenera kudziwa kuti mawuwo akamveka kuti. Choncho maina asinthidwe, wofunsidwa amve sewero lisanatuluke, akati chotsani apa achotse, ndipo zojambulidwazo zisungidwe ndi banja, osati mu kompyuta ya bungwe. Zimenezi ndi ntchito, koma si chifukwa chosiyira. Kuopa kwa akulu n'kumene kwachititsa kuti ana ambiri a ku Hopley asadziwe kuti anafikako bwanji.

Ife a kuno kumudzi tisadzione oyera. Timakonda kunena kuti kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka, ngati kuti aliyense ali ndi kwawo komudikira. Mtchona akabwera ndi katundu timamulandira ndi nkhuku. Mdzukulu wake akabwera chimanjamanja, Chichewa chake chikukoka Chishona, timamufunsa kuti mfumu yako ndani, ndipo munda wa agogo ake tinagawana kalekale. Ku Zimbabwe amamutcha mubhurandaya, kuno timuti Mzimbabwe. Nyumba ya malamulo ya Malawi inavomereza unzika wa mayiko awiri mu Disembala 2018, koma lamuloli linaganizira a ku Manchester ndi ku Texas otumiza madola, osati mayi wogulitsa tomato pa Mbudzi amene alibe pepala ngakhale limodzi. Komabe timanyadira Alick Macheso akaimba m'Chichewa, timanyadira kuti Benjani Mwaruwari ndi magazi athu, timasangalala kumva kuti gule wamkulu amatulukabe ku Mufakose ndi ku Dzivarasekwa. Otchuka ndi athu. Osauka ndi a eni.

Zofunika kuti ntchitoyi iyambe zilipo kale. CHIPAWO yakhala ikuphunzitsa ana a ku Harare zisudzo kuyambira 1989. CCAP ili ndi Sinodi ya Harare, yobadwa mwa anthu omwewa, ndipo misikiti ya Ayao ili m'makomboni ambiri. Ofesi ya kazembe wa Malawi ili mumzinda momwemo. Kuno tili ndi mpikisano wa zisudzo wa ATEM, komwe ana athu amaloweza Chingerezi chovuta cha nkhani zopeka pamene m'mudzi uliwonse muli banja lomwe lili ndi wina amene anapita ku Halale osabwerako. Mphunzitsi mmodzi wa ku Dedza ndi mnzake wa ku Hopley akhoza kusinthana mawu ojambulidwa pa WhatsApp sabata ino, ana a uku n'kusewera agogo a uko.

Amene anayenda pa Mthandizi atsala owerengeka. Mayi amene anachotsedwa m'mzinda mu 1991 ali ndi zaka 30 lero wapitirira zaka 60. Aphunzitsi, abusa, mashehe ndi inu a zisudzo, musadikire bungwe la galimoto yoyera. Patsani ana foni, apite akafunse agogo awo akadali moyo.