Mowa Wokhalitsa wa ku Japan ndi Mtengo wa Kudekha

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Mawu amenewa atsimikizika ngakhale ku Japan, kumene anthu amafulula mowa wa mpunga wotchedwa sake. Kawirikawiri mowawu umamwedwa chaka chisanathe, udakali woyera ngati madzi, ndipo umagwirizana ndi nsomba yaiwisi. Koma ulipo wina, dzina lake koshu, umene umasungidwa zaka zitatu kapena kuposerapo.

M'zaka zimenezi shuga wotsalira m'mowamo amalumikizana pang'onopang'ono ndi timagawo ta mapulotini a mpunga, monga momwe buledi amafiirira mu uvuni. Mowa umasanduka wofiirira ngati uchi, ndipo umanunkhira ngati mtedza wokazinga ndi zipatso zouma. Mowa wotere umaphimba kukoma kwa nsomba yaiwisi. Umafuna chakudya champhamvu ngati iwo womwe: nyama ya nkhumba yowiritsidwa nthawi yaitali m'msuzi wa soya, mkunga wootcha umene eni ake amati unagi, tchizi chokhalitsa, ngakhalenso chokoleti.

Mowawu si wachilendo m'dzikomo, pakuti mphunzitsi wa chipembedzo cha Chibuda, Nichiren, adautchula m'makalata ake m'zaka za m'ma 1200. Udayamba kusowa mu ulamuliro wa mfumu Meiji, pakati pa 1868 ndi 1912, pamene boma lidayamba kukhometsa msonkho mowa ukangofululidwa, usanagulitsidwe nkomwe. Ndani akadasunga zaka zisanu katundu amene adamlipirira kale msonkho? Lamulolo lidasinthidwa mu 1944, komabe ofulula adadikira mpaka 1985 kuti akhazikitse bungwe lotsitsimutsa lusoli.

Ena amati kusunga mowa nkumangirira chuma pachabe. Ali ndi mfundo, chifukwa mowa wosiyidwa padzuwa kapena pamalo osayenera umangoonongeka. Kukhalitsa pakokha si kukhwima. Pamafunika munthu wosamalira ndi wodziwa nthawi yotsegula botolo.

Komabe kulakwa kwakukulu kudali kwa okonza lamulo, amene adawerengera ndalama za chaka chimodzi nasokoneza luso la zaka mazana ambiri. Mphunzitsi woweruza mwana ndi mayeso a teremu imodzi, ndiponso mnyamata wosiya kuphunzira ntchito yamanja chifukwa malipiro achedwa, akubwereza kulakwa komweko. Msonkho udachotsedwa ndi cholembera tsiku limodzi, koma kubwezeretsa mowawo kudatenga zaka zoposa 40.