MAZENERA AYAMBE, MAGETSI ATSATIRE

Kucokera mu January 2022 pamene Boma linayamba maphunziro aulere, ana aculuka kwambiri m'masukulu a m'boma la Chipangali, monga momwe ziriri m'cigawo conse ca Kum'mawa. M'caka comweco ndalama za citukuko za CDF zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo zina mwa ndalamazi zimapita ku nchito yomanga makalasi. Kwa Chipangali, amene anapatulidwa ku Chipata ndi kukhala boma payekha mu 2018, uwu ndi mwayi waukulu. Koma pali funso limodzi limene omanga salifunsa kawirikawiri: kodi mwana wokhala pa desiki lakumbuyo adzatha kuona zolembedwa pa bolodi?

Makalasi ambiri a m'midzi ali ndi mdima dzuwa liri paliwombo. Cifukwa cake ndi codziwika. Magalasi ndi odula, amasweka msanga, ndiponso akuba amalowera pomwepo, motero makolo amatseka mazenera ndi njerwa zosiya timabowo, kapena ndi malata. Nthawi ya dzinja mitambo ikaphimba, mwana amatsinzinira maso, nakopa zolakwika m'buku lace, ndipo pamapeto pace amachedwa wouma mutu pamene vuto liri pa khoma.

Ena amayankha kuti magetsi akadzafika zonse zidzakhala bwino. Caka ca 2024 cinaonetsa kuti yankho limeneli silikwanira. Pa 29 February Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cirala cinali ngozi ya dziko lonse. Madzi anacepa m'damu la Kariba, ndipo popeza magetsi ambiri a Zambia amacokera ku madzi, panali miyezi imene anthu a m'matauni, Chipata ndi Lusaka yemwe, anakhala opanda magetsi maola opitirira 17 pa tsiku. Nyumba imene inamangidwa modalira babu inali mu mdima, ngakhale kuti nthambo zinali pa denga.

M'maiko ambiri masiku ano, yunivesite ikafuna kumanga nyumba yatsopano, akatswiri amayamba ayeza kuwala kwa dzuwa kumene kudzalowa m'cipinda ciriconse, ndipo pambuyo pace ndi pamene amawerenga nyale zofunika. Ena amaika tizipangizo tozimitsa nyale tokha kunja kukawala. Sukulu ya ku Chipangali siifuna tizipangizoto. Imene ifunika ndi nzeru yace, imene amisiri olemba mapulani a nyumba amaphunzira ngakhale kuno kwathu, pa yunivesite ya Copperbelt ku Kitwe, ndipo nzeruyi siwonjezera mtengo kwenikweni.

Nkhani yagona pa kaimidwe ka nyumba. Utali wace uyenera kutsata njira ya dzuwa, kucokera kum'mawa kupita kumadzulo, kuti mazenera ayang'ane kumpoto ndi kum'mwera. Zenera loyang'ana kum'mawa kapena kumadzulo limalowetsa dzuwa lothobwa m'maso, ndipo mu October limasandutsa kalasi kukhala ngati cigafa ca fodya. Loyang'ana kum'mwera limapereka kuwala kofatsa. La kumpoto limafuna denga lotulukira kunja pang'ono kuti lipange mthunzi. Koma mu June ndi July, pamene dzuwa limapendekera kumpoto, limalowa pang'ono ndi kufunditsa ana m'nyengo yozizira. Mazenera akhale mbali zonse ziwiri, ndipo akwere kufika pafupi ndi denga, cifukwa zenera lalitali ndi limene limafikitsa kuwala pakati pa cipinda. Amisiri ambiri amawerenga kuti mazenera onse pamodzi akhale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a kukula kwa pansi pa cipindaco. Makoma a mkati apakidwe laimu kapena penti yoyera, pakuti njerwa zosapaka zimameza kuwala. Malata oonekera amathandiza, koma awiri kapena atatu akwana. Akaculuka amabweretsa kutentha.

Nyale zibwere pambuyo pa zonsezi, ndipo zikhale za LED. Babu lakale la mawati 60 limataya mphamvu zace zambiri potentha cabe, pamene la LED la mawati 9 limawala mofanana nalo ndi kukhalitsa nthawi yaitali. Cimeneci ndi cimene cimathandiza sukulu imene nthambo za ZESCO sizinafikeko: sola yaing'ono ndi batire limodzi zingayatse mababu anai a LED madzulo, kuti ana okonzekera mayeso awerenge popanda utsi wa koloboyi. Koma sola yomweyo ikakakamizidwa kuunikira kalasi la mdima usana wonse, batire limafika madzulo litatha kale.

Mmera m'poyamba. Kalasi lomangidwa caka cino lidzaphunzitsa ana ndi adzukulu a amene akuumba njerwa lero, kaya ndi kwa Mfumu Chanje, kwa Mnukwa kapena kwa Kapatamoyo. Makomiti a citukuko a m'mawadi, mafumu a m'midzi, makolo ndi aphunzitsi akuluakulu ali ndi ufulu wopempha kuona pulani ndi kufunsa injiniya wa khonsolo kumene mazenera adzayang'ana ndi kukula kwace. Afunse maziko asanakumbidwe, cifukwa khoma likafika pamwamba, kukuza zenera kumafuna kugumula ndi kugulanso simenti.